Lipoti: udzu wofiira wa m'miphika umene unkafa chaka ndi chaka panyumba ina ku Johannesburg

Malo ndi dandaulo

Nyumbayi ili kumpoto kwa Johannesburg, cha kumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Jukskei. Mwini wake ndi mayi wachikulire amene amakonda udzu wokongoletsa wa masamba ofiira moderako uja, umene m'manazale akuno amaugulitsa ndi dzina loti Pennisetum 'Rubrum'. Anali ndi miphika 6 ya simenti, uliwonse wotakata masentimita 50 kukamwa. Itatu inali pakhonde loyang'ana kumpoto, mogundana ndi khoma, pansi pa denga. Itatu inayo inali kugeti, kumunsi kwenikweni kwa bwalo, pamtetete. M'mphika uliwonse udzu unali pakati, maluwa m'mbali.

Dandaulo lawo linali lakuti udzu wa kugeti unkafa nyengo ya chisanu iliyonse, pamene wa pakhonde unkapulumuka. Sepitembala akafika ankagula wina, pofika Ogasiti wotsatira wafanso. Mlandu anali ataugamula kale okha: chisanu. Chimene anandiyitanira mu Febuluwale 2023 n'choti ndiwasankhire nsalu yabwino yofunditsa zomera, ndiponso ndizibwera kudzafunditsa nthawi ikakwana.

Chisanu chinalidi ndi gawo lake. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo, kenako kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumwamba kumangoti mbee, masana kadzuwa kabwino, usiku kuzizira kolasa m'mafupa. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukadikha kumunsi. N'chifukwa chake minda ya pamwamba, ngati ya ku Northcliff kapena ku Linksfield, imadzuka bwinobwino tsiku limene ya m'mbali mwa Jukskei yayera mbuu. Geti la mayiwa lili pamalo oterewa. Komabe m'minda ina ya dera lomwelo udzu womwewu, wobzalidwa pansi, umawauka masamba onse n'kuphukanso mu Okutobala. Wa kugetiwu sunkaphuka ngakhale mphukira imodzi, ndiye panali china choposa kuwauka kwa masamba.

Khalidwe la udzuwu

'Rubrum' ndi m'bale wake wa nsenjere, machewere ndi kapinga wa kikuyu amene timatchetcha m'mabwalo akuno. Onsewa ndi udzu wokonda kutentha. Amakula mwamphamvu nthaka ikafunda, kukazizira amayima, sadya ndipo samwa kwenikweni. Aliyense amene anawonapo kikuyu atachita khaki mu Julayi akudziwa kugona kumeneku. Kusiyana kwake n'kwakuti kikuyu ali ndi mitsitsi yoyanga pansi imene imamudzutsa, pamene 'Rubrum' moyo wake wonse uli paphata limodzi, pamene masamba akumana ndi mizu. Phatalo likaola, kwatha. Sabalanso mbewu zomera, choncho palibe ana odzimerera amene angalowe m'malo. Amachulukitsidwa pogawa phata basi.

Kusabala mbewuko n'kumenenso kumaulola kugulitsidwa. Pansi pa malamulo a zomera zachilendo zolanda malo, amene anayamba mu 2014 kuchokera m'lamulo la NEMBA loteteza zachilengedwe ku South Africa, Pennisetum setaceum wamba, wa masamba obiriwira uja amene mumamuwona m'mbali mwa misewu, ali m'gulu la 1b: sabzalidwa, sagulitsidwa, ndipo ali pamalo pako uyenera kumuchotsa. 'Rubrum' anamusiya kunja kwa mndandandawo. Nassella tenuissima, kaudzu kanthenga ka ku Mexico kamene kamawoneka bwino kwambiri pazithunzi za miphika ya kunja, nakonso kali m'gulu lomwelo, chimodzimodzi udzu wa pampas. Ndikunena izi chifukwa anzathu ambiri ogwira ntchito m'minda ya anthu amakumba tiudzu tokongola m'mbali mwa msewu kuti akasangalatse abwana, osadziwa kuti akuwatengera mlandu kunyumba.

Zomwe ndinapeza

Tinagoneka mphika umodzi wa kugeti chammbali n'kusolola zonse. Pamwamba zinthu zinkawoneka bwino, udzu utatalika kufika m'chiuno, ngala zake zikugwedezeka. Pansi ndiye panali nkhani. Dothi linali katondo wa m'munda momwemo wosakaniza ndi kompositi pang'ono, ndipo m'mphika katondo amagwirana ngati njerwa yosawotcha. Chigawo cha pansi, ngati chikhatho chimodzi kuya kwake, chinali chotuwa, chonanda, chonunkha matope. Mizu ya pamenepo inali yabulauni, ukayikoka khungu lake n'kumavuka m'zala kutsala kaulusi. Bowo lotulukira madzi linali limodzi, nalo litatsekeka ndi mizu, ndipo mphikawo unakhala pambale yodzadza madzi. Uku kunali mu Febuluwale, udzu uli maso ndipo ukumwa madzi ambiri patsiku. Mu Juni, udzu utagona, madzi amenewo analibe wowamwa.

Chachiwiri chinali kapayipi kakuda kolowa m'mphika uliwonse wa kugeti. Kanalumikizidwa ku mzere wothirira kapinga, ndipo makina ake ankatsegula madzi m'bandakucha. Nditafunsa ngati amatseka nyengo yozizira, mayiwo anati ayi, chifukwa mu Epulo amazula maluwa a dzinja n'kubzalamo pansy ndi viola, ndipo amenewa akasowa madzi masiku awiri amagwa. Ankanena zoona. Pansy amakula ndi kuchita maluwa nthawi yozizira yomweyo, mizu yake ndi yosazama, amafuna dothi lachinyontho nthawi zonse.

Chachitatu anachipeza mnyamata amene ndimagwira naye ntchito, kuseri kwa garaja kumene amataya zinyalala za m'munda. Zitsa za chaka chatha zinali pomwepo, zonse zodulidwa mpaka pansi, kotsala ngati zala ziwiri. Gulu lotchetcha kapinga limene linkabwera panyumbapo linkameta udzuwo mu Meyi, ukangoyamba kufota, kuti pageti pazioneka paukhondo. Mapesi odulidwawo amakhala otseguka pamwamba, madzi a m'bandakucha n'kumalowa mpaka paphata, pa ola lomwe kukuzizira kwambiri.

Nanga wa pakhonde unkapulumuka bwanji? Khoma loyang'ana kumpoto limamwa dzuwa tsiku lonse n'kumatulutsa kutenthako usiku, ndipo denga limatchinga chisanu chotsika kumwamba. Koma chachikulu n'chakuti kumeneko payipi sinafike. Ankathirira ndi kheni mayi wogwira ntchito m'nyumba, akakumbukira. Pansy wa pakhonde ankawoneka wofooka chaka chilichonse, udzu n'kumakhala ndi moyo.

Chigamulo changa chinali ichi: chisanu chinkangomaliza ntchito imene madzi anayamba. M'nyengo ya mvula udzu ndi maluwa amagwirizana, onse ndi aludzu. Kukazizira amasiyana zofuna, udzu ukufuna kuuma, maluwa a chisanu akufuna madzi, ndipo mphika umodzi sungakwaniritse onse awiri. Komanso mizu ya m'mphika ilibe chofunda chimene mizu ya pansi ili nacho, kuzizira kumayilowa kuchokera mbali zonse. Nsalu imateteza masamba, koma phata lonyowa m'dothi lozizira limaola ngakhale mutafunditsa kawiri.

Zomwe tinachita chisanu chisanafike

Mu Malichi tinachita zazing'ono zokha. Tinachotsa mbale, tinakweza miphika pa njerwa, tinaboola mabowo ena pansi, ndipo tinadula kapayipi kaja ku mzere wa kapinga. Udzu sitinaugawe. Udzu wokonda kutentha ukagawidwa nthawi imene ukukonzekera kugona sumanga mizu yatsopano, mabala ake amangokhala khomo la kuola.

Kumayambiriro kwa Epulo, nthaka ikadali yofunda, tinazula mapata awiri a kugeti ndi dothi lake, tinasadza katondo wonanda uja ndi kudula mizu yoola, kenako tinawalonga m'miphika yakuda ya pulasitiki ya masentimita 30, ya mabowo ambiri. Dothi latsopano linali magawo awiri a dothi la m'matumba logulitsidwa ku nazale, limene kuno nthawi zambiri limakhala makungwa a paini owoletsa, gawo limodzi kompositi, gawo limodzi mchenga wa kumtsinje wokhakhala. Miphikayo inapita pakhoma lakumpoto, kuseri kwa itatu ya pakhonde ija. M'miphika iwiri ya simenti yotsala tinataya katondo yense, tinathiramo dothi latsopano, ndipo mayiwo anabzala pansy, viola ndi alyssum momwe amafunira, pakati tinayikapo snapdragon wamtali kuti pasagwe mphwayi. Amenewa tinawalumikizira payipi yawoyawo, yotsegula dzuwa litatuluka.

Mphika wachitatu mayiwo anakana kuti tiuzule. Amafuna kuwona ndi maso awo ngati nsalu payokha singakwane. Tinagwirizana kuti ukhale pomwepo koma wopanda maluwa, wopanda payipi, pamwamba pophimbira ndi makungwa. Zinandikomera, chifukwa zinatipatsa poyerekezera.

M'nyengo ya chisanu

Lamulo loyamba linali loti pasapezeke wodula. Masamba atauma tinawasonkhanitsa n'kuwamanga ndi chingwe chapakati, mtolowo n'kukhala chofunda cha phata. Sunkawoneka bwino, ndipo gulu lotchetcha lija linafunika kuuzidwa mobwereza. Kuthirira kunali kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu, m'mawa dzuwa litakwera, madzi pang'ono m'mphepete mwa mphika, osati pakati. Muyeso wake unali chala: chikalowa chonse n'kutuluka chouma, thirirani. Feteleza ayi.

Wa kugeti uja ankafunditsidwa madzulo alionse a usiku wopanda mitambo ndi mphepo, nsalu ikuphimba mphika wonse mpaka pansi, n'kuvundukulidwa m'mawa. Pepala la pulasitiki sitinagwiritse ntchito. Limasunga chinyontho mkati, ndipo tsamba lililonse lokhudzana nalo limapsa.

Pa 10 Julayi 2023 ku Johannesburg kunagwa chipale chofewa, koyamba chigwereni cha mu Ogasiti 2012, ndipo masiku ozungulira pamenepo kunazizira zedi. Ngati panali nyengo yoyesera njirayi, inali imeneyi.

Zotsatira

Pakati pa Sepitembala tinamasula mitolo n'kuyang'ana paphata. Mapata awiri osamutsidwa aja, pamodzi ndi atatu a pakhonde, anali ndi timphukira tofiira tosongoka tozungulira chitsa chonse. Pamenepo m'pamene tinadula, kusiya masentimita 10 mpaka 15. Valani magolovesi, m'mphepete mwa masamba ouma mumacheka.

Wa kugeti sunafe, koma unachedwa ndi milungu ingapo, ndipo unaphuka mbali imodzi yokha, yoyang'ana kumpoto. Theka lakummwera linali lakuda, lofumbutuka. Kwa ine izi zinasonyeza zinthu ziwiri. Kuuma kokha kunapulumutsa phata pamalo pamene ena onse ankafera, ndiye madzi ndiwo anali mdani wamkulu. Koma malo a kugetiwo ndi ozizira mokwanira kupha theka la phata louma lofunditsidwa, ndiye mayiwo nawonso sankanama za chisanu.

Mphika m'kati mwa mphika

Mu Okutobala, mphukira zitafika ngati chikhatho, tinagawa mapata. Fosholo yakuthwa kapena chikwanje, kudula pakati, kutaya chapakati chokalamba, kusunga zidutswa za m'mbali zokula ngati zibakera ziwiri. Chidutswa chilichonse chinalowa m'mphika wake wa pulasitiki wa masentimita 25, ndi ufa wa mafupa wodzadza dzanja. Kenako mphika wa pulasitikiwo tinaukwirira pakati pa mphika wa simenti, mlomo wake molingana ndi dothi, maluwa n'kubzalidwa m'dothi lozungulira. Kuyambira pamenepo udzu ndi mlendo wa miyezi ya mvula. Meyi akamayandikira timangousolola ndi mphika wake kupita nawo pakhoma, m'dzenjemo n'kulowa mphika wina wofanana wokhala ndi chomera cha chisanu.

Njirayi inathetsanso vuto lina limene mayiwo sanalitchule koma linkawoneka. Pofika Januwale mizu ya udzu imakhala itadzadza mphika wonse, maluwa a m'mbali n'kumafota masana ngakhale athiriridwe. Pulasitiki imayika malire. Imalolanso kudyetsa aliyense payekha, chimene n'chofunika, chifukwa udzuwu ukalandira nayitrojeni wambiri umatalika mofewa n'kugwa chagada mvula yamphepo ikadza. Ife timaupatsa feteleza wa 3:1:5 (magawo a nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu) wosungunuka pang'onopang'ono, pang'ono pokha, poyamba pa nyengo ndi mu Januwale. Maluwa amalandira wamadzi milungu iwiri iliyonse.

Zovuta zake zilipo. Mphika wamkati umauma msanga, makamaka mu Okutobala ndi Novembala mvula isanakhazikike. Dothi la makungwa likaumitsitsa limakana madzi, mumathira n'kumangotsikira m'mbali, pakati pali gwa. Zikatero solorani mphikawo muuviike m'ndowa mpaka thovu litasiya kutuluka. Mizu imatulukanso m'mabowo kufuna dothi lakunja, ndiye kamodzi pamwezi muupotoze mphikawo kuti iduke, apo ayi mu Meyi mudzazula ndi maluwa omwe. Ndipo phata liyenera kugawidwa chaka chilichonse, osaphonya. Nthawi yothirira nayo ili ndi malire ake: kampani ya madzi ya mzindawu, Johannesburg Water, imaletsa kuthirira minda pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 31 Malichi, choncho makina tinawatchera kuti amalize 6 koloko ya m'mawa isanakwane.

Maluwa oyenda nawo

Posankha ndinayamba ndi madzi, mtundu pambuyo. Udzuwu umafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa kuti masamba ade bwino, pamthunzi amabwerera kubiriwira, ndipo umakonda kuuma pang'ono pakati pa kuthirira. Duwa lokhala nawo liyenera kupirira zomwezo.

Amene anachita bwino koposa ndi pelargonium wolendewera wa masamba onenepa, wa kuno komweko ku South Africa. Amatsika m'mbali mwa mphika, tsiku limodzi louma salidandaula, ndipo pinki wake amagwirizana ndi ngala za udzu. Verbena anachitanso bwino mpaka chakumapeto kwa Febuluwale pamene chuku choyera chinagwira masamba, tinamudula theka n'kuphukanso. Gazania ndi wolimba koma amatseka maluwa kukachita mitambo ndi madzulo, nthawi imene eni nyumba akubwera kuchokera kuntchito, ndiye pageti sindingamubwezerenso. Marigold wachikasu ndi wa olenji patsogolo pa masamba akudawo amaoneka patali kuposa onse, ndipo ndi wotsika mtengo. Mdani wake ndi tiakangaude tofiira nyengo ikatentha ndi kuuma, yang'anani kunsi kwa masamba.

Mbatata yokongoletsa ya masamba obiriwira mowala ndiyo inakopa anthu odutsa. Ndi mbatata yeniyeni, Ipomoea batatas, yongosankhidwa chifukwa cha masamba. Mnyamata uja atayiwona ikuyanga anati, "Achimwene, kholowa yenseyu tingomuyang'ana?" Ndinamuletsa, chifukwa mbande za ku nazale ya maluwa zimapoperedwa mankhwala amene sanapangidwire zakudya. Vuto lake m'mphika ndi dyera. Tsinde limodzi likwanira, ndipo muzilidula pafupipafupi, kupanda kutero limakwirira verbena ndi marigold, pansi n'kuyika mbatata zopanikiza mizu ya anzake. Nayonso chisanu choyamba chimayipsereza usiku umodzi.

Atatu sanayende. Bacopa amafuna chinyontho chosalekeza, atangouma kamodzi anayoyola maluwa onse n'kutenga milungu kuti abwerere. Petunia wa maluwa akuluakulu anang'ambika ndi matalala a mu Novembala, otsalawo n'kumanyowa ndi mvula ya masana. Calibrachoa anachita chikasu kunsonga, chizindikiro chosowa ayironi. Duwali limafuna dothi lowawasa pang'ono, ndipo mphika wa simenti umakokera dothi kwina.

Udzu wina umene tinayesa pamalopo

Pakhomo la kukhitchini tinayika lemongrass mwa njira yomweyo. Ndi wanthete ngati 'Rubrum', koma amafuna madzi ndi chakudya chochulukirapo, ndiye anayenda bwino ndi marigold ndi basil. Masamba ake anawauka mu Juni, phata linaphuka mu Okutobala.

Machewere okongoletsa a 'Purple Majesty', amene anatulutsidwa ndi yunivesite ya Nebraska ku America n'kulandira mendulo yagolide ya All-America Selections, bungwe loyesa mitundu yatsopano ya zomera, mu 2003, ndi yankho kwa amene safuna zosamutsa miphika. Amafesedwa kuchokera ku mbewu, amakhala nyengo imodzi, chisanu chikafika mwazula mwataya. Masamba ndi otakata, akuda kuposa a 'Rubrum', koma chomeracho chimayima chilili, sichivina ndi mphepo, ndipo ngala zikakhwima mbalame zimazimaliza.

Kwa kasitomala wina aliyense wa kumunsi kozizira, amene alibe munthu wosamala chaka chonse, ndingayambe ndamuwonetsa udzu wa kuno. Melinis nerviglumis ali ndi ngala zonyezimira za pinki, ndi wamfupi bwino pamphika, ndipo anazolowera chisanu cha kumtunda kuno. Aristida junciformis ndi wolimba kuposa pamenepo. Amene akufuna kuwona udzu wachilengedwe wa dera lino uli pamalo pake apite ku munda wa Walter Sisulu ku Roodepoort chakumapeto kwa dzinja. Koma tsamba lofiira lija palibe mwa amenewa ali nalo, ndipo mayiwa chimene amafuna ndi tsambalo.

Kwa amene ali kumudzi, zosamutsa miphikazi zikukhudza malo okwera ndi a m'madambo ozizira, monga ku Dedza ndi ku Viphya, kumene chisanu chimagwa mu Juni ndi Julayi. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre udzuwu ungakhale m'mphika chaka chonse. Kumeneko chofunika kusamala ndi mabowo ndi mbale m'miyezi ya mvula, ndi ludzu la mu Okutobala.

Mmene zilili tsopano

M'chisanu cha 2024 mapata onse atatu a kugeti anasamutsidwa kumayambiriro kwa Meyi ndipo onse anaphuka. Pogawa timapeza zidutswa zoposa zimene miphika ikufuna, zotsalazo mayiwo amagawira anzawo, ndipo sanagulenso 'Rubrum' ku nazale. Nsalu ija ikugwira ntchito pa mitengo ing'onoing'ono ya mandimu kuseri kwa nyumba.

Chotsala ndi 'Fireworks', mtundu wa mizere ya pinki ndi yoyera umene mayiwo anawonjezera okha mu Novembala 2023. Pamalo pano wakhala wochedwa kudzuka kuposa 'Rubrum', ndipo phata lake silinakule mokwanira kugawidwa. Chaka chino tamusiya pakhoma lakumpoto nyengo yonse, wopanda maluwa m'mbali, ndipo kugeti adzapita pokhapokha phata litadzadza mphika wa masentimita 25.